Chifuwa cha Ababa pa Wailesi

Ababa anga sanaimbepo nyimbo, ngakhale kutchalitchi ankangoyendetsa milomo, koma Mashonaland yense anavinapo chifuwa chawo. Ndikanena zimenezi anthu amandiyang'ana ngati ndalawa kachasu, ndiye ndifotokoze bwino.

Ndinakulira m'komboni ya pulazi ina ya fodya kufupi ndi Banket. Ababa ankagwira ntchito m'shedi yosankhira fodya, ndipo fumbi lake linawakhazikika m'chifuwa asanakwatire n'komwe. Pa pulazipo panali anyamata a bandi yoimba nyimbo za sungura, amene tsiku lina anapeza mwayi wokajambula nyimbo ku Harare. Ababa anatengedwa nawo chifukwa cha msana wawo, poti pankafunika munthu wonyamula masipika.

Atalowa m'chipinda chojambulira, mwini makina anachenjeza kuti nyale yofiira ikayaka, aliyense amene sakuimba asanduke mtengo. Ababa anaima pakona. Nyale itangoyaka, chifuwa chinayamba kuwakanda kukhosi. Anachigwira, anameza malovu, misozi inatuluka, anachigwirabe. Koma chakumapeto kwa nyimboyo pali malo pamene magitala onse amaima mwadzidzidzi, kuti zii, besi isanabwerere. Pamenepo ndi pamene chinawapulumuka. Anatsokomola kawiri, koyamba mwamphamvu, kachiwiri pang'ono ngati akupepesa. Kubwereza sikunatheke chifukwa panja panali kwaya ya amayi ikudikira nthawi yawo, choncho nyimbo inatuluka ndi chifuwa chake chomwe.

Anyamata a bandi sanawalankhulitse ulendo wonse wobwerera. Koma nyimbo itafika pa wailesi, anthu anayesa kuti kutsokomolako n'kwadala, ndipo anakukonda kuposa mawu a nyimbo. Pa dansi, magitala akaima, bwalo lonse linkawerama n'kutsokomola kawiri. Pa ukwati mkwatibwi ankatukula velo kuti atsokomole bwino. M'basi ya ku Chinhoyi ankatsokomola onse, dalaivala ndi kondakitala omwe. Namwino wina watsopano pa kiliniki ya pa pulazi atamva phwando lonse la ukwati likutsokomola ali kunyumba kwake, anabwera m'mawa mwake ndi timabotolo kudzatenga makhololo a komboni yonse.

Kuyambira pamenepo ababa anadziika okha kukhala katswiri wa mbiri ya nyimbo. Ukangotsegula wailesi wawaputa. Ankadziwa woimba amene gitala yake yoyamba inali ya chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga. Ankadziwa woimba ng'oma amene anaphunzirira ku dambwe, ndi uyo amene anasiya dzina la makolo ake n'kutenga la Chishona kuti asamatchedwe mlendo. Ankati sungura inabwera ndi mbale za galamafoni zochokera ku Kenya ndi ku Tanzania, koma inadzanenepera m'makomboni mwathu, ndipo pamenepo sankanama. Vuto linali loti sankadziwa poimira. Woimba aliyense wa kunja amene wabuula pakati pa nyimbo ngati wapondedwa chala, ababa ankagwedeza mutu n'kunena kuti ameneyo anatengera chifuwa chawo chija. Ife ana tinkaseka, amayi n'kumati fodya wako ndi amene ali pamphuno, asiyeni bambo anu anunkhize wawo.

Amayi ankanena zoona, ngakhale ine ndinazimvetsa nditakula. Ababa analibe munda. Ku Malawi kumene agogo anachokera sanapondeko, ndipo kuno chitupa chawo chinkawatchula mlendo. Nyumba imene tinkagona inali ya pulazi. Chinthu chokhacho chimene dziko lonse linkachidziwa, chili chawochawo, chinali chifuwa chija.

Ndiye mungamvetse mmene zinawapwetekera pamene mnansi wathu, bambo wina wa ku Tete amene tinkamutchula kuti asekuru, anayamba kuuza anthu kumowa kuti anatsokomola ndi iyeyo. Nawonso anali pa ulendo wa ku Harare uja, ngati wothandiza dalaivala wa lole. Anyamata a bandi anali atabalalika kalekale, ena atamwalira, moti mboni panalibe. Mkangano unakula mpaka akazi awo anasiya kubwerekana sefa.

Akuluakulu a mpingo anaona kuti nkhaniyi iphetsa anthu, ndipo Lamulungu lina titaweruka anaitanitsa onse awiri kuseri kwa tchalitchi. Anabweretsa galamafoni, anaimba mbale ya nyimbo ija, kenako anauza aliyense kuti atsokomole. Ababa anatsokomola. Asekuru anatsokomola. Mkulu wina wogontha khutu limodzi anapempha kuti abwereze atatembenukira kwina. Amayi a chigwirizano anafunsidwa maganizo, nawonso anayamba kuyeserera kuti asonyeze mmene chenichenicho chimamvekera, mpaka bwalo lonse linali khokhokho ngati khola la nkhosa. Pomaliza akuluakulu anagamula mwa Chikhristu kuti kutsokomola koyamba, kwakukulu kuja, n'kwa ababa, ndipo kwachiwiri, kwakung'ono, n'kwa asekuru.

Ababa anafika kunyumba atapsa mtima. Anatifunsa ngati tinaonapo munthu akuyamba kutsokomola mnzake n'kumumalizira. Sanadye tsiku limenelo. Koma chigamulo chinakhala, ndipo kwa zaka zambiri pa maukwati a m'komboni mwathu ababa ankatsokomola koyamba, asekuru n'kutsatira, osayang'anana.

Kenako pulazi inasintha eni, ntchito inachepa, anthu anamwazikana. Mbale ija inapindika ndi dzuwa tsiku limene tinkasamutsa katundu, inangokhala ngati chipewa. Ine ndinapeza ntchito m'sitolo ya mbewu ndi feteleza ku Chinhoyi. Amayi anatisiya. Ababa anatsala m'komboni ndi asekuru, nkhalamba ziwiri zoyandikana makomo, zokangana tsiku ndi tsiku koma zogawana shuga.

Chaka chathachi chifuwa chenicheni chinawagwetsa ababa. Nditapita kukawaona ndinapeza atatha thupi, nthiti zikuwerengeka. Sanapemphe mankhwala kapena nyama. Anati akufuna amveko nyimbo yawo, poti papita nthawi.

Ndinabwerera ku Chinhoyi kwa munthu wina amene amalowetsa nyimbo m'mafoni pafupi ndi pokwerera makombi, maminibasi aja. Anaipeza msanga, ndipo ananditamira kuti nyimbo zakalezi masiku ano anazitsuka ndi kompyuta, phokoso lonse anachotsa, zikumveka ngati zajambulidwa dzulo. Ine ndinakondwa, ndinati ababa akamva bwino.

Linali Loweruka masana. Ndinawakhazika ababa pa mpando pakhonde, asekuru anabwera ndi ndodo yawo n'kukhala pa chidebe. Nyimbo inayamba, yoyera bwino, gitala iliyonse payokha. Ababa anatseka maso, chala chikugunda pa bondo, n'kumatiuza kuti woimba besiyo tsiku limenelo anavala nsapato zobwereka. Titayandikira malo aja anakweza dzanja kuti tikhale chete. Magitala anaima. Panangoti zii, kenako besi inabwerera.

Ababa anati ndibwezere. Ndinabwezera, ndipo zinali chimodzimodzi. Anatenga foni n'kuigwedeza, n'kuiika pakhutu. Ndinawafotokozera za kutsuka kuja, ndipo apa n'kuti nditazindikira kuti phokoso limene munthu uja ankanena ndi bambo anga. Ndinamva chisoni chimene sindinachimve ngakhale pa maliro a amayi.

Ababa anandiyang'ana.

"Saka, mwanangu, ndiye kuti ku Harare kuja ine sindinapiteko?"

Asekuru anakanda pansi ndi ndodo, anakonza kukhosi, koma anasamala kuti zisamveke ngati kutsokomola.

"Munapita, achimwene," anatero. "Ine ndinali panja kulondera lole, m'chipinda muja sindinalowemo. Chachikulu chija ndi chanu, chaching'ono chijanso ndi chanu. Tengani zonse."

Ndinkayesa kuti ababa akondwa, kapena awatukwana monga mwa masiku onse. Anangoyang'ana foni ili m'manja mwawo.

"Manje mukundibwezera lero," anatero, "pamene zonse ziwiri kulibe."

Anandipatsa foniyo n'kupempha kuti ndiwalowetse m'nyumba. Asekuru anatsala pa chidebe paja, chipewa chili pa mawondo, ndipo sanapite kwawo mpaka nditawapatsa tiyi.