Kachitsulo m'Diso la Bambo Sakala

Bambo Anock Sakala anabwera ku Kitwe kuchokera ku Katete ali mnyamata, ndipo kwa zaka makumi atatu akhala akuwotcherera zitseko ndi mawindo ku Ipusukilo. Chimwalirireni akazi awo, a Esme, amadziphikira okha, ndipo Chinyanja amachilankhula popemphera basi, poti panja ponse ndi Chibemba.

Chaka chatha diso lawo lakumanzere linayamba kutuluka pang'onopang'ono, mpaka chitseko chimodzi kumachiona ngati ziwiri. Dokotala anati kuseri kwa diso kuli chotupa. Anati makina a MRI amaona mmene madzi akuyendera m'chotupa ndi mmene magazi akuloweramo, choncho angasonyeze ngati chikuoneka cha khansa asanachite opaleshoni. Tsiku lojambulidwa analidikira miyezi itatu, osauzako munthu.

Kuchipatala cha ku Ndola anapita okha pa minibasi. Woyendetsa makinawo, mtsikana dzina lake Racheal, anawavulitsa lamba ndi wotchi, nawauza kuti makinawo ndi maginito amphamvu. Atawafunsa ngati ali ndi chitsulo m'thupi, anakana ndi mtima wonse. Kwa wowotcherera, tizitsulo tothethekera m'maso si ngozi ayi, ndi fumbi la pantchito.

Racheal anaona zipsera za moto m'mikono mwawo.

"Bambo, popala chitsulo simunalowedwepo kanthu m'diso?"

"Kambirimbiri, mwanawe. Malemu akazi anga ankanditolera ndi nsonga ya chitenje."

"Nanga masiku ano amakutolerani ndani?"



Mtsikanayo anafotokoza modekha kuti maginito akhoza kusuntha kachitsulo n'kung'amba diso, ndiye ayambe kaye ajambulidwa ekisireyi. Pachithunzipo panaoneka kadontho koyera kochepa ngati njere ya mchenga. Kanali m'diso lakumanja, lomwe ankalidalira.

Tsiku limenelo m'makina sanalowemo. Anawapatsa tsiku lina, Lachiwiri lotsatira, lochotsa kachitsuloko, n'kuwauza kuti adzabwere ndi munthu, chifukwa diso labwinolo adzalimata bandeji ndipo linalo silingawafikitse kunyumba. Iwo anafunsa ngati sizingatheke kubwera okha. Racheal anapukusa mutu.

Bambo Sakala anakhala pabenchi ya pakhonde mpaka dzuwa linawapeza pamapazi. Kenaka anatulutsa foni, anatsinzina diso lodwalalo kuti maina aoneke bwino, n'kufunafuna la Calvin, mwana wawo wa ku Solwezi, amene anali asanalankhulane naye chichokereni pamaliro a mayi ake. Foni inaitana kanayi.

"Atate? Kwagwanji?"

"Palibe wamwalira," anatero bambo Sakala. "Lachiwiri likubwerali uli pantchito?"