Konkire Imene Ndinathirira M'chisanu

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinapeza ntchito yanga yoyamba, ndipo bwana wake anali bambo anga. Malipiro ake anali tchipisi chotentha cha pa Woolwich, chimene ndinkadyera m'basi chala chili mbuu ndi mchere. Mpaka lero sindinagwirepo ntchito ina ndi mtima wonse ngati imeneyo.

Masiku amenewo tinkakhala ku Thamesmead, m'fulati ya pamwamba imene mphepo ya kumtsinje inkalowa ngati nayonso imalipira lendi. Amayi anali namwino pa chipatala ku Lewisham, ndipo ndiwo anatsogola kubwera kuno, ife n'kutsatira pambuyo. Bambo anga, a Kamwendo, kumudzi anali mmisiri womanga nyumba. Ku Chilobwe ukangotchula dzina lawo, ngakhale mwana ankakulozera khonde limene iwo anatsira. Kuno ku London ankanyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu. Sankadandaula pakamwa. Koma levulo yawo yoyezera kuwongoka kwa khoma, imene anainyamula m'sutikesi atasiya nsapato zina kuti ikwane, inkakhala pamwamba pa wadiropu yokulungidwa m'chitenje. Tikamayenda mumsewu maso awo ankakhala pansi, akuweruza ntchito za anthu ena. Ankatha kuima pakhomo pa eni n'kupukusa mutu, ine manyazi ali tho, ndikuwakoka malaya. Amayi ankangoti, "Alekeni. Kwa eni kudyetsa nthanga, dzungu ukulifuna."

Dzungulo linabwera kudzera kutchalitchi. Kumeneko kunali mayi wina wachizungu wokalamba, Mayi Pat, amene ankakhala kumtunda kwa Woolwich, mumsewu wa nyumba zakale zokhala ndi kabwalo kutsogolo. Mwamuna wawo, Bambo Ron, anali m'chipatala atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo madokotala anati adzatuluka Khirisimasi isanafike, koma pa njinga ya olumala. Vuto linali njira yochokera kugeti kukafika pakhomo. Konkire yake anatsira Bambo Ron okha ali anyamata, ndipo tsopano inali itang'ambikang'ambika, udzu utamera m'ming'alu, mbali ina itatukuka ndi mizu ya mtengo. Munthu wa miyendo iwiri ankapunthwapo, nanga njinga ikanadutsa bwanji? Amayi anga atamva, anangoti, "Amuna anga ndi mmisiri."

Tsiku limene bambo anatsitsa levulo pa wadiropu, m'nyumba munali ngati mwabadwa mwana. Iyi sinali ntchito chabe. Mumsewu wa Mayi Pat nyumba zonse zinali ndi konkire yokalamba yomweyo, ndipo bambo wa khomo loyandikana, wamtali wovala chipewa chaubweya, anali atanena kale atatsamira mpanda kuti ntchito ikaoneka bwino, yake ikhala yotsatira. Bambo anga ankaona msewu wonsewo ukuwadikira. Ankaona dzina lawo likubwerera.

Kunali kumapeto kwa Novembala. Anabwereka makina ogumulira, azibambo angapo a kutchalitchi n'kubwera kudzathandiza kututa zibuma pa wilibala. Ndimakumbukira fungo la dothi limene linakhala zaka zambiri osaona dzuwa, ndi nyongolotsi zikuthawa kuwala. Konkire yatsopano inabwera pa lole yosakaniza kale, zimene bambo anazidabwa koma osafuna kuonetsa. Anagwada pathabwa akusalaza, akuimba chapansipansi, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene ndinali nditamuiwala. Pomaliza njirayo inali see, yopendekera pang'ono kumsewu kuti madzi a mvula asamaime. Wa chipewa uja anayang'ana nthawi yaitali n'kugwedeza mutu movomera.

M'mawa mwake, Mayi Pat atapita kukaona odwala, bambo anandipatsa payipi yothirira madzi.

"Tadala, amayi," anatero, poti ankakonda kunditchula amayi akafuna kundipatsa udindo. "Simenti ndi mwana wakhanda. Ikapanda kumwa imafa. Ine mawa ndili pa shifiti, ndiye ntchito yotsalayi ndi yanu. Popita kusukulu muthirire, pobwera muthirirenso. Musaumire madzi. Pakhale ngati padambo."

Aliyense amene anakulira kwathu akudziwa zimenezi. Kumeneko dzuwa limamwa madzi a m'simenti isanalimbe, ndipo ukaisiya imang'ambika. N'chifukwa chake pakhomo pamene pakumangidwa umapeza mwana ali ndi ndowa m'mawa ndi madzulo. Bambo anayamba choncho iwonso, kuthirira makonde a amalume awo. Pondipatsa payipi ija ankandilowetsa m'banja la amisiri, ndipo ine ndinamva kukoma mpaka kumsana.

Ndinathirira. Sukulu yanga inali chapafupi, choncho ndinkatsika basi msanga, n'kukwera mtunda uja yunifolomu ili m'thupi. Zala zinkachita dzanzi, madzi ankalowa m'nsapato, koma sindinaumire ngakhale dontho. Lolemba madzulo kumwamba kunayera mbee, kopanda ndi kamtambo komwe, ndipo kuzizira kunkaluma makutu. Ndinathira madzi ambiri kuposa kale, poganiza kuti bambo akamva anyadira. Ndinaona katani ya chipinda cham'mwamba ikugwedezeka, Mayi Pat akusuzumira. Ndinawabayibitsa, iwo n'kukweza dzanja mokayikira.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa mwake ndinapeza msewu wonse uli woyera ndi chisanu, ndipo njira yathu inkanyezimira ngati galasi. Payipi inali itauma gwa. Chinthu choyamba chimene ndinaganiza n'chakuti n'zokongola. Koma pobwera kusukulu, madzi oundanawo atasungunuka, ndinaona kuti pamwamba pa konkire pachita mathothomathotho. Nditakanda ndi nsonga ya nsapato, panachoka chigamba ngati nkhanambo, pansi pake n'kuoneka miyala. Ndinakandanso pena, n'chimodzimodzi. Ndinapempha foni kwa Mayi Pat n'kuimbira bambo.

Anafika atavala jekete lowala la kuntchito. Sanandiyang'ane n'komwe. Anagwada, n'kutulutsa kiyi wa nyumba, n'kukanda kuchokera kugeti mpaka pakhomo. Paliponse pankafumbutuka. Madzi anga anali atalowa m'simenti yanthete, ataundana mkati mwake n'kuiphwanya. Mayi Pat anaima pakhomo atafunda juzi, ndipo wa chipewa uja anali kale pampanda wake.

Mayi Pat sanakwiye. Bwenzi zili bwino akanakwiya. Anayankhula Chingerezi chawo chofatsa, atagwira bambo paphewa.

"Bambo Kamwendo, musadzipweteke mtima. Ntchito yanu inali yabwino, tonse tinaona. Kungoti dzulo ndinamuona mwanayu akuseweretsa payipi. Ndikanatsika kudzamuletsa. Ana ndi ana, chonde musamukalipire."

"Ndi zimenezo basi," anawonjezera wa chipewa. "Palibe mmisiri angathire madzi pa konkire nyengo ino. Mwana wakuonongerani ntchito, bwanawe. Mukakonza apa mubwere kwanga."

Ndinafuna kufuula kuti sindinkasewera. Ndinayang'ana bambo. Iwo anali chigwadire, kiyi ali m'manja, maso ali pansi. Sankafunika kunama. Ankangofunika kukhala chete, kapena kupukusa mutu monga amachitira makolo, ndipo dzina lawo likanatsala loyera, msewu wonse n'kukhala wawo. Ine ndikanangokhala kamtsikana kopusa kamene kanasewera ndi madzi, ndipo anthu akanaiwala sabata isanathe.

Anakhala chete. Sindikudziwa kuti kunali kwa nthawi yaitali bwanji, koma ndinamva basi ikudutsa kumunsi kwa mtunda, ndiponso madzi akudontha padenga.

Kenako anaimirira, n'kusasa maondo.

"Sankasewera," anatero. "Ndinamutuma ndine. Kwathu timatero, ndipo sindinafunse za kuno. Mwanayu wachita zimene ndinamuuza, ndipo wachita bwino. Wolakwa ndine."

Wa chipewa anaseka kaphwete kamodzi. "Kuthirira konkire m'chisanu?" Anapukusa mutu, n'kulowa m'nyumba mwake, chitseko n'kutsekeka.

M'basi yobwerera ku Thamesmead ndinalira mpaka mamina. Ndinawafunsa m'Chingerezi, monga tinkachitira ana a kuno, chifukwa chimene sanangokhalira chete. Ndinati ine sindikanadandaula, ngakhale ndinkadziwa kuti ndikunama. Iwo anayang'ana pawindo.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, amayi," anatero. "Pukutani m'maso. Anthu aziti ndakumenyani."

Loweruka lotsatira anavala jekete la kutchalitchi n'kupempha Mayi Pat kuti apite nawo kuchipatala. Ananditenga. Munthu amene ankaweruza makonde a London yense anakhala pakampando m'mbali mwa bedi, chipewa chili pamaondo, n'kufunsa nkhalamba yopuwala kuti kuno konkire amaisamala bwanji kukazizira. Pakamwa pa Bambo Ron panali popotoka ndipo mawu ankatuluka movutikira. Anayesa kangapo osamveka. Potsiriza anagwira bulangete limene anafunda ndi dzanja lawo lamoyo, n'kulikoka mpaka pachibwano, akuyang'ana bambo m'maso. Bambo anayamba kuseka, nawonso Bambo Ron n'kuseka ndi theka la nkhope, mpaka namwino anasuzumira.

"Wamva?" anandiuza potuluka. "Simenti ya kwathu imamva ludzu. Ya kuno imamva kuzizira."

Anagumula ntchito yawo yomwe. Panalibe amene anawakakamiza, ndipo mnzawo wina wa kutchalitchi anawalangiza kuti angomata kasimenti pamwamba, poti agogo sangadziwe. Anakana, akuti njinga ikadzayamba kudutsapo chigambacho chidzasenda. Kuwaona akuphwanya njira imene anaisalaza akuimba kunandipweteka kuposa kulira kwa m'basi kuja. Anadikira kuti kuzizira kuchepeko, tsiku lililonse khutu lili pa zanyengo, ndipo atatsiranso tinaifunditsa. Tinayala pulasitiki, pamwamba pake makapeti akale a m'shedi ya Bambo Ron, kenako mabulangete a Mayi Pat ndi ena a kwathu amene amayi anatipatsa akung'ung'udza. Ntchito yanga tsopano inali kuonetsetsa kuti mphepo isavundukule m'mbali. Anthu odutsa ankaima kudabwa njira yofunda ngati wodwala malungo.

Bambo Ron sanadyere Khirisimasi kunyumba. Chifukwa cha ife, anakhala m'chipatala mpaka chaka chatsopano, ndipo bambo sanadzikhululukire msanga pa zimenezo. Koma tsiku limene anatuluka, njinga inayenda kuchokera kugeti mpaka pakhomo osagwedezeka. Atafika pakati anaimitsa amene ankawakankha, n'kutsitsa phazi lawo lamoyo, n'kuponda pansi kawiri. Kenako anakweza chala chachikulu.

Ndikanakonda kunena kuti msewu wonse unabwera kudzagogoda kwathu. Sunabwere. Wa chipewa analemba anthu ena obwera ndi galimoto yolembedwa dzina m'mbali, ndipo nkhani ya Mwafirika wothirira konkire inayenda mumsewumo mofulumira kuposa ya njira yosalala. Bambo anabwerera kumakatoni, ndipo anakhalako zaka zambiri. Timaganyu tinkabwera apo ndi apo, kakhonde apa, kasitepe apo, koma a Kamwendo a ku Chilobwe sanabwererenso.

Chaka chatha ine ndi mwamuna wanga tinagumula bwalo lakale la kuseri kwa nyumba yathu. Bambo, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anakhala pampando akulondera anyamata amene tinawalemba, akuwapezera zifukwa monga mwa masiku onse. Mwana wanga wamkazi ankathamangathamanga pafupi ndi payipi. Ndinawapatsa tiyi, n'kuwafunsa funso limene ndinalisunga kuyambira tsiku lija.

"Adadi, paja munakhala chete Mayi Pat atanena kuti ndinkasewera. Munkaganiza chiyani?"

"Ndinkafunafuna Chingerezi chake," anatero akumwetulira.

Sindinaseke. Anazunguza kapu m'manja, akuyang'ana mdzukulu wawo.

"Ayi, ndisakunamizeni, amayi. Ndinkafuna kukhala chete. Ndinkafunitsitsa. Ndinawerengera nyumba za mumsewu uja m'mutu. Kenako ndinaona nsapato zanu zili zonyowa."

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la konkire ija linali lakuti ukafika kwa eni uzifunsa, ndipo n'zoona ndithu. Ndinkaganizanso kuti bambo anga anali munthu amene choonadi chinkangotuluka chokha pakamwa pawo, mopanda mtengo. Tsopano ndine kholo, ndipo ndikudziwa mmene zimaphwekera kusenzetsa mwana katundu wako, poti iye sangakutsutse pagulu ndiponso anthu amakhululukira ana msanga. Chimene ndimalemekeza lero ndi kachete kaja. Bambo anaima pakati pa dzina lawo ndi langa, akulifuna lawo ndi mtima wonse, n'kusankha langa. Njira ya Mayi Pat ikadalipo, ndinadutsako posachedwapa ndipo ilibe mng'alu. Eni ake atsopano sadziwa amene anaitsira, koma ine ndikamadutsa pamenepo ndimayenda pang'onopang'ono.