Sipika Yopanda Mnzake Inapita ndi Mawu Onse

Lachiwiri lapitali ndinathamanga, ine wa mawondo owawa ano, kukaanula makaka, chinangwa choyanika chija, chifukwa cha mvula yomwe kunalibe.

Ndinali pabalaza ndikuonera filimu. Mwadzidzidzi mvula inayamba kuwaza kumbuyo kwanga, kenako n'kukhuthuka. Kuno ku Mulanje mvula sitikambirana nayo, ukaimva umadzuka. Nditatuluka ndinapeza dzuwa likuswa mtengo, phiri lili mbee, makaka anga ali gwa pamphasa, nkhuku ikundiyang'ana. Mvula ija inali m'masipika awiri omwe ali kuseri kwa mpando wanga.

Ndinabwerera m'nyumba ndi manyazi, komanso ndi funso. Chinthu chodziwa kunamiza nkhalamba kuti kunja kukugwa mvula, chikulephera bwanji kundiuza zomwe anthu a mufilimu akuyankhula? Poti vuto langa linali limenelo. Mapazi ndinkawamva. Zitseko, agalu, galimoto ikuchokera kumanzere kupita kumanja, zonse ndinkazimva. Koma munthu akatsegula pakamwa, zii. Milomo yokha kugwedera ngati mbuzi ikubzikula.

Ndiyambe poyambira.

Mwana wanga Magireti amagwira ntchito ku Joni. Mwezi watha anatumiza katundu pa lole: mabulangete, mafuta ophikira, nsapato, ndi chimakina chakuda cholemera chomwe amati ampu, chimene abwana ake anamusiyira atagula china. Ampuyo ndiyo imalandira mawu n'kuwagawira masipika. Masipikawo anabwera asanu ndi imodzi. Anayi ofanana ngati ana a mimba imodzi, china chachikulu chogundira pansi, ndi ina yaitali yogona chammbali.

Kwathu katundu wa ku Joni satsegulidwa ndi munthu mmodzi. Amabwera mwinimbumba, amene ndi achimwene anga aakulu, n'kugawa pamaso pa onse kuti mawa wina asadzati kwabisidwa kanthu. Mwambo umenewu ine ndimaukonda, chifukwa ndimaona ndi maso angawa chomwe chalowa m'thumba la yani.

Achimwene anayang'ana masipika aja nati anayi ofananawo asalekanitsidwe, chachikulucho n'cholemera kunyamula, koma yaitaliyo ilibe mnzake, choncho ipite kwa Rozina.

Rozina ndi mng'ono wanga, amakhala cha ku Milonde. Ndiye anamulera Magireti chaka chomwe ine ndinagona m'chipatala, ndipo ana ake obereka yekha onse awiri ali kumanda. Wakhala akudandaula kuti mwanayo chipitire ku Joni anamuiwala mayi wake wamng'ono. Atalandira sipika ija anaikumbatira ngati khanda. Rimoti ya ampu anatenga achimwene eni ake, akuti akaiyese pa TV yawo. Sinagwire, adzukulu awo anaisandutsa galimoto yoseweretsa, ndipo komwe inakaima palibe akudziwa.

Palibe anafunsa ngati zinthuzi zimagawika. Inenso, amene ndimafunsa ngakhale tsiku lomwe dzira linaikiridwa, sindinafunse. Safunsa adadya phula.

Kabokosi kokoka mafilimu pa intaneti ndinakagula ndekha pa Limbuli. Wogulitsa anati kamagwira ndi chilichonse. Owerenga anga, mawu amenewa mukawamva pamsika gwirani chikwama chanu. Pansi pano palibe chinthu chogwira ndi chilichonse. Ngakhale mchere, womwe timati ndi wa paliponse, sulowa mu tiyi.

Kuti andilumikizire ndinaitana a Makwinja, bambo wokonza mawailesi pa Chitakale. Ndinakoka mpando n'kukhala pambali pawo penipeni, chifukwa ndinamva kuti okonza ena amazula zitsulo zabwino n'kuikamo zakutha. Atamaliza, chithunzi chinabwera, koma phokoso ayi, ngakhale la galu. Ine ndinati basi, wa pa Limbuli uja wandidyera masuku pamutu.

A Makwinja anaseka. Anati kabokosi n'kabwino, ampunso ndi yabwino, kungoti sizikumvana. Kabokosi n'katsopano, kamamanga mawu ake m'njira yatsopano. Ampu ndi yakale, mtolo womangidwa chotero sidziwa kuumasula, ndiye imangokhala chete osadandaula n'komwe. Anatenga rimoti ya kabokosi, nafufuza pa TV paja mpaka anapeza pouza kabokosiko kuti kazimanga mawu mwachikale. Pomwepo nyumba inagunda mpaka makapu kulira m'kabati. Tisanaonetsetse bwino magetsi anathima, iwo n'kukwera njinga yawo.

Kuyambira pamenepo ndinakhala ndikuonera mafilimu a anthu osayankhula.

Ine ndimakonda mafilimu a akuba ndi apolisi. Ndimaphunziramo zambiri. Koma wakuba umamugwirira pa mawu ake, ndiye opanda mawu ndingamudziwe bwanji? Ndinayamba ndakayikira makutu anga, koma wailesi yanga yaing'ono ndinkaimva bwinobwino. Ndinakayikira abwana a Magireti kuti anamupatsa chakufa. Ndinakayikira a Makwinja kuti mwina pomwe ndinaphethira anazula kena kake. Mvula yabodza ija itandithamangitsa, ndinawaitananso.

Sanagwire kanthu. Anangoyendetsa maso m'chipindamo, nasuzumira kuseri kwa ampu komwe kunali timabowo tiwiri topanda waya.

"Agogo, yapakati ili kuti?"

"Yapakati yake iti?"

"Yaitali, yogona chammbali. Imakhala pansi pa TV apa. Pakamwa pa zonsezi ndi pamenepo."

Zomwe anandifotokozera zandikhala m'mutu sabata yonse. Akuti opanga mafilimu sathira phokoso lonse m'mbale imodzi. Amaligawa. Mvula, mphepo ndi mapazi a munthu wokuzembera zimapita kumbuyo. Nyimbo ndi magalimoto zimapita m'mbali. Mabingu amapita ku chachikulu chija. Zoyankhula, pafupifupi zonse, zimapita pakati. Kabokosi kamatumiza magawo onsewo bwinobwino, ampu n'kupereka gawo lililonse kwa mwini wake. Koma ampu yanga palibe anaiuza kuti wina anasamuka. Imangosiya mawu pakhomo pa nyumba yopanda munthu. Kuiuza kumatheka, akuti, ndipo ikauzidwa imagawira mawuwo masipika a m'mbali. Koma pouzira pake m'pa rimoti ija inasanduka galimoto.

Ndani anakhala pansi n'kuganiza zimenezi? Ankadziwa kuti kuli mabanja onga athu, oti chinthu chikafika chimayenera kukhudza khomo lililonse? Ndikukayika. Iye ankaona munthu mmodzi, chipinda chimodzi, mpando pakati. Ife tikaona zinthu zisanu ndi chimodzi timaona makomo asanu ndi limodzi.

Kugawana si kulakwa. Kupatsa n'kuika, ndipo ambirife tinakula ndi bulangete la mwana wa mnzathu. Koma kale katundu ankagawika. Sopo umadula, shuga umapungula, chitenje ukhoza kung'amba pakati aliyense n'kupeza mpango. Zinthu zobwera masiku ano n'zina. Zimabwera zambiri m'katoni imodzi koma ndi thupi limodzi. Ndikudziwa khomo lina kuno komwe sola inapita kwa mkulu, batire kwa mng'ono, ndipo onse awiri akugona mumdima, aliyense akunyadira gawo lake. Kwina foni ili kwa mayi, chaja kwa azakhali kutsidya kwa mtsinje.

Nanga kagulidwe kathu? TV ya ku Limbe, kabokosi kolowera ku Mozambique, ampu yotsala kwa mzungu wa ku Joni, waya wa pa benchi. Timaziika pathebulo limodzi ngati akamwini a m'mudzi umodzi, n'kumadabwa kuti sizikulonjerana. Pogula timafunsa mtengo, timafunsa ngati n'cholimba. Ndani amafunsa kuti kodi ichi chikamvana ndi chomwe ndili nacho kale kunyumba? Ndipo wogulitsa angayankhe zoona?

A Makwinja anati njira yachidule ilipo. Akhoza kuuza kabokosi kuti kasamagawenso, kazingothira zonse m'masipika awiri a kutsogolo. Anayesa ndikuona. Mawu anabweradi. Koma akumbuyo aja anafa, chipinda chinaphwa, filimu inabwerera m'galasi ngati ya pa TV wamba. Ndinati abwezeretse momwe zinalili. Mwana wanga sanatumize katundu mtunda wonse uja kuti theka likhale zokongoletsa. Komanso, ndinene zoona, ndinkafuna ndimve ngakhale kamodzi kokha momwe anachipangira mwini wake, chonse chathunthu.

Apa ndiye panali pothina. Kuti ndimve, ndinayenera kukaitanitsa mphatso yomwe inaperekedwa pamaso pa mbumba yonse. Kwathu zimenezo n'kutukwana. Kukamulanda Rozina sipika ija kukanakhala kumuuza kuti Magireti ndi wanga ndekha, iye analera mwana wa eni. Kumuimbira Magireti sindinafune. Ndimamudziwa mwana wanga, pakamwa pake palibe mabuleki. Akanangomuimbira mayi wake wamng'onoyo n'kunena kuti bwezani, ndipo ine ndi Rozina tikanadzaonananso pamaliro.

Lachisanu ndinakwera kabaza wa ku Milonde, ndisakudziwa chomwe ndikanene.

Rozina ndinamupeza akuphika kalongonda. Anandilowetsa m'nyumba, ndipo sipika ija inali pamwamba pa kabati, atayiyalira kansalu koluka, chithunzi cha Magireti chitatsamira pa iyo. Waya inalibe. Rozina alibe TV, alibe ampu, alibe choti n'kulumikizako. Anandiuza kuti amayi a mumpingo akabwera amawaonetsa, kuti aone zomwe mwana wake amatumiza.

Ndinayamba nkhani ya maliro a kwa aneba. Ndinapita ku mtengo wa feteleza. Ndinafika mpaka pa chifuwa chomwe chavuta ana chaka chino.

"Achemwali," anatero Rozina, "chifikireni maso anu sanachoke pakabatipo. Nenani."

Ndinanena. Ndinafotokoza za magawo aja, za timabowo topanda waya, za anthu otafuna mphepo pa TV. Sindinapemphe kanthu. Ndinangofotokoza. Rozina anayang'ana sipika yake.

"Ndiye kuti mawu onse ali kwa ine kuno?"

"Onse."

"Inu muli ndi chiyani?"

"Mvula ndi agalu."

Anaseka mpaka kutsokomola. Atapukuta misozi ananena kuti sabwereketsa, chifukwa chinthu chikalowa m'nyumba mwanga chimaiwala njira yobwerera. Ndinafuna kukana, koma ndinakumbukira beseni lake lina lomwe sindinabweze. Kenako anati sipikayo ikafuna kukayankhula kwanga, izipita ndi mwini wake.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinamuona akutsika kabaza pamsewu, sipika ili kumsana m'chitenje, mutu wake utatulukira paphewa. Mawaya ndinalumikiza ndekha momwe a Makwinja anandisonyezera, Rozina ataima pambali panga penipeni kuti ndisazule kanthu. Magazi ndi amodzi.

Ndinayatsa filimu. Galimoto inadutsa kumanzere, chitseko chinalira kumbuyo, ndipo bambo wina wa jekete anatsegula pakamwa n'kuyankhula, mawu ake kutulukira pansi pa TV penipeni ngati ali m'nyumba mwanga. Ankauza wapolisi kuti usiku wonse anali kwa mlongo wake. Ndinadziwa pomwepo kuti akunama. Tsitsi linandiimirira ndi chisangalalo.

Amenewo ndiwo mawu omaliza omwe ndinawamva bwino.

Rozina anafuna kudziwa kuti bamboyo ndani. Anafunsa chifukwa chake mkazi wake akuyenda mutu uli pamtunda pamaliro. Anati wapolisiyo wafanana ndi malemu amalume athu, ndipo zimenezo zinamukumbutsa mlandu wa mbuzi womwe amalumewo anasiya osatha. Mvula itagwa kumbuyo kwathu anadzuka kuti akaanule zovala, ine n'kumukoka chitenje. Pofika pomwe wakuba anagwidwa, ndinali nditamva mbiri ya mudzi wonse wa kwawo, ndani watenga mimba, ndani wagulitsa munda, koma chomwe wakubayo anaba sindikuchidziwa mpaka lero.

Dzuwa litapendeka anazula mawaya, natembenuza sipika yake kuona ngati zomangira zonse zilipo, naibereka. Ali pakhomo anati Lamulungu likubwerali abweranso, ndipo ndiphike nandolo, osati masamba okha ngati kuti kwabwera munthu wodzapempha moto.

Tsono pabalaza panga pabwerera mvula ndi agalu. A Makwinja akuti ndikangowaimbira abwera kudzathira zonse m'masipika awiri, ndizimva mawu tsiku lililonse, popanda wondisokosera. Inu mukanatani? Mukanasankha filimu yomveka sabata yonse muli nokha, kapena yathunthu kamodzi pa sabata, yobwera ndi mng'ono wanu amene sakupatsani mpata woimva?

Ine sindinawaimbire. Nandolo wa Lamulungu ndayamba kale kusankha.