Ndinamasula waya wa wailesi chifukwa cha nsanje

Inu owerenga, ndinalakwira mnzanga ndi manja angawa, ndipo kope langa lokha latopa kusunga nkhaniyi.

Ndili Fomu 3 pa sekondale ina kuno ku Mwanza. Aphunzitsi athu a sayansi ali ndi wailesi yolankhulirana ndi anthu akutali, ndipo anatiyambitsira kalabu. Ine ndiye ndinali woyamba kulowa. Anandiphunzitsa kuti wailesi yotere imafuna waya wopita ku chitsulo chamkuwa chokhomedwa m'nthaka kuseri kwa chipinda. Wayawo ukakhwepa, phokoso la magetsi limalowa n'kumiza mawu. Ntchito yomanga nati yake ndi kuthirira dothi nthawi yotentha inali yanga.

Kenaka kunabwera Rozina, mtsikana amene anathawa nkhondo ku Mozambique ali mwana. Tinkadyera limodzi manachesi pa buleki. Koma tsiku lina wailesi inagwira bambo wina wa ku Tete, Rozina n'kuwayankha m'Chipwitikizi. Kuyambira pamenepo maiki anakhala ake. Aphunzitsi ankangoti, "Rozina, mwana wanga, takhala apa." Ine n'kumatumidwa ndowa ya madzi. Mtima unkandiwawa zedi.

Rozina anasiyana ndi achimwene ake pothawa, ndipo mayi ake ankayesa kuti anamwalira. Bambo a ku Tete aja anafunsafunsa mpaka anawapeza, akugwira ntchito pa malole. Anapangana ndi aphunzitsi kuti Loweruka masana adzabwera nawo pa wailesi. Sukulu yonse inkangokamba za Rozina.

Loweruka m'mawa ndinatenga sipanala n'kumasula nati ija pang'ono, wayawo n'kumangooneka ngati uli m'malo. Ndinkangofuna kuti avutike mphindi zochepa, ine ndibwere ndikonze, anthu andione.

Mayi a Rozina anafika atavala chitenje chatsopano. Aphunzitsi atayatsa wailesi, inangoti shwaaa, ndi kulira kwina ngati njuchi. Rozina atayandikitsa maiki pakamwa, magetsi anamubaya mlomo ngati singano. Poganiza kuti phokosolo likuchokera ku zipangizo zina zamagetsi, aphunzitsi anazimitsa getsi lalitali la kudenga, anazula filiji ya mu labu, anatumiza uthenga kuchigayo kuti ayambe aima. Anayang'ana waya wa mlongoti. Phokoso osatha. Pansi pake pankamveka mawu aamuna, koma osadziwika chimene akunena. Mayi aja anagwada pafupi ndi sipika.

"Ndi iyeyo? Rozina, ndiuze, ndi iyeyo?"

Aphunzitsi anandicheukira. "Iwe, kuseri kuja kuli bwino?"

Ndinaona anthu onse akundiyang'ana, mantha n'kundigwira. Ndinati, "Kuli bwino, sala. Ndaonako m'mawa."

Anandikhulupirira, ndiye sanapiteko. Nati ija anaipeza dzuwa litapendeka. Ataimanga, mawu a ku Tete anamveka mbee, koma anali a bambo aja okha. Anati mnyamatayo wadikira maola awiri, lole yake yanyamuka kupita ku Beira. Mpaka lero sanabwerenso.

Sabata yatha ndinaulula. Aphunzitsi anandichotsa mu kalabu. Rozina anangondifunsa kuti, "Mayi anga anakulakwira chiyani?" Ndimapemphera kuti lole ija idzadutsenso ku Tete, ndipo ndikukhulupirira kuti idzadutsa.

Atsikana anzanga, mnzanu akamayamikiridwa mtima n'kuyamba kutentha, uzani munthu msanga. Ndipo ngati mwalakwa kale, wina n'kukufunsani, yankhani zoona nthawi yomweyo. Kumasula nati kunali koipa, koma chimene chinawalanda mayi aja mwana wawo ndi mawu anga aja akuti kuli bwino.