Mayi Chipsera ndi Chithunzi Choyamba

Inu amene mukuganiza kuti dzina likadetsedwa ndiye basi, khalani pansi mumve za mayi wina wogulitsa makina osokera akale pa intaneti.

Tsiku limene akaunti yake inatsekedwa, mayiyu anali akutsuka mbale. Foni italira anapukuta manja pa siketi n'kuwerenga uthengawo ali chiimire. Ogula anali atadandaula kuti analandira makina osweka. Pansi pa chithunzi chake panali ndemanga zonyoza, ndipo bambo wina, telala wachikulire, analemba liwu limodzi lokha: "Wakuba."

Komatu mayiyu sanabe kanthu. Pamene ankadwazika mwamuna wake kuchipatala, anasiyira mlamu wake katundu ndi akaunti kuti malonda asaime. Mlamuyo, munthu wokonda njira zachidule, ankapaka penti yakuda pa ming'alu n'kutumiza makinawo akuwala ngati atsopano. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwamuna anamwalira, mlamu anazimiririka, mbiri yoipa n'kutsalira mwini akaunti.

Chimene chinamulasa mtima koposa chinabwera ndi mwana wake wamkazi pochokera kusukulu.

"Amayi, anzanga andionetsa pa foni. Akuti ndinu wakuba."

"Nanga iweyo ukuti bwanji, mwanangu?"

Mtsikanayo anangoyang'ana pansi n'kulowa kuchipinda. Mayiyo analira tsiku limenelo kuposa mmene analirira pamaliro.

Amene ankakonza makina anali malemu mwamuna wake. Mayiyu ankangojambula ndi kugulitsa. Tsopano anatulutsa bokosi la zipangizo pansi pa bedi, nayala nyuzipepala patebulo lodyera, n'kuyamba kuphunzira. Ankamasula makina akutha, n'kulephera kuwabwezera. Ulusi unkaduka, bobini inkakana, singano inamubaya mpaka zala zinaleka kumva kuwawa. Tebulolo linkanunkha mafuta a makina, moti mwana wake anayamba kudyera pampando.

Makina oyamba atasoka mzere woongoka, sanawagulitse, ngakhale m'nyumba munalibe sopo. Anawakulunga m'bulangete, nakwera nawo basi, mpaka kushopu ya telala uja.

"Bambo, ndine amene munanditcha wakuba. Ndabweretsa makina abwino. Osweka aja ndipatseni."

Telalayo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anaika kansalu, naponda, namvetsera kulira kwa makinawo. Sanathokoze, sanapepese.

"Ikani apo," anatero. Ndemanga yake ija sanaichotse.

Ambiri a ife tikanakwiya. Mayiyu ananyamula makina oswekawo n'kubwerera kukakwera basi.

Atatsegula akaunti ina, anadziikira lamulo limene aliyense wodziwa malonda angaliseke. Chithunzi choyamba cha katundu aliyense chinkaonetsa poipa. Ngati panali dzimbiri, ankayamba ndi dzimbirilo. Ngati penti inasupuka, ankaloza ndi chala pamalopo n'kujambula pafupi, padzuwa, pasakhale pobisika. Zithunzi zokongola zinkabwera pambuyo.

M'gulu la pa foni la anzake ogulitsa pa intaneti anamuseka chikhakhali. Wogulitsa mawotchi ndiye anamupatsa dzina.

"Mayi Chipsera, inu mutati mufune banja mungayambe kuonetsa dzino lobowoka!"

Dzinalo linakhazikika. Malonda ankayenda mwa apo ndi apo, koma panalibe makina amene anabwezedwa.

Kenako kunabwera uthenga kwa onse a m'gululo. Kampani ina yochititsa okushoni pa intaneti inkafuna ogulitsa atsopano. Kumeneko katundu amayambira pa mtengo wotsika, ogula n'kumapikisana, ndipo nthawi ikatha amene watchula mtengo wapamwamba ndiye watenga. Gulu lonse linatekeseka. Ena anagula nyali zojambulira, wamawotchi anabwereka nsalu yofiira yoti aziyalapo katundu.

Mayi Chipsera poyamba anakayikira, poti wolumidwa ndi njoka amaopa ngakhale chingwe. Anafufuza kampaniyo, naimba pa nambala ya ofesi yawo, mpaka anakhutira kuti si akathyali. Amene anamuyankha anali mtsikana waulemu, wogwira ntchito yokopa ogulitsa.

"Mayi, makina anu ndawaona, ndi okongola," anatero mtsikanayo. "Koma kwathu kuno anthu amangoona chithunzi choyamba n'kudutsa. Yambani ndi chabwino. Cha dzimbiricho muike kumapeto, ogula achipezabe."

Sikunali kunama kumene ankamupempha, ndipo mayiyo anadziwa kuti mtsikanayo akumufunira zabwino. Anakumbukiranso kuti mlamu wake uja sanayambe ndi bodza lalikulu, anayamba ndi kadontho kamodzi ka penti.

"Mwanangu, pepani. Chithunzi choyamba chikhala chomwecho."

"Mukhoza kugulitsa motchipa kwambiri, mayi. Akatchula mtengo munthu mmodzi yekha, simungabweze."

"Makina ndikhoza kupeza ena. Dzina ndinatayapo kale, ndikudziwa mtengo wake."

Mtsikanayo anavomera kuti ayese ndi makina amodzi.

Mayiyo anasankha makina akale achitsulo, olemera, amene anawakonza mpaka ankasoka ngati akunong'ona. Pakhosi pake panali chipsera chachitali pomwe penti inachoka. Chipseracho ndicho chinakhala kutsogolo, pakati pa mawotchi onyezimira a anzake.

Sabata ya okushoni inayamba. Mawotchi ankakwera mtengo, makina ake ali duu pomwe anayambira. Wamawotchi analemba m'gulu kuti, "Mayi Chipsera, tikubwerekeni nsalu yofiira?" Mayiyo anayankha ndi kachithunzi koseka. Tsiku lomaliza litacha, munthu mmodzi yekha ndiye anali atatchula mtengo, wosakwana ngakhale zitsulo zimene anaikamo.

Masana a tsikulo mwana wake anafika kuchokera kusukulu n'kupeza mayi ake atakhala patebulo, foni ataiika chafufumimba. Mayiyo anali atatopa n'kuiyang'ana. Mtsikanayo anaitola, nayang'ana pamalo pamene ogula amafunsa mafunso.

"Amayi, pali munthu walemba apa."

"Werenga. Kutukwanidwa ndinazolowera."

Mtsikanayo anawerenga mokweza. "Ine ndine telala, ndimabwera pano kudzafuna makina. Chala chili pa chithunzichi ndachizindikira. Mayi ameneyu ndinamutcha wakuba, iye n'kunyamula makina abwino kudzandipatsa kushopu, ndipo akusokabe mpaka lero. Chimene wakuonetsani ndi chimene mulandire. Ndinalakwa, ndipo mtengo wachiwiriwu ndatchula ndine."

Atatero telalayo, ena analowerera. Mtengo unasuntha, n'kusunthanso, matelala ndi okonda zinthu zakale akulimbirana. Telala wathu anagonja m'njira, makinawo n'kupita kwa wina pa mtengo umene mayiyo sanaulotepo. Koma iye sankayang'ana mtengo. Ankayang'ana mwana wake, amene anajambula ndemangayo n'kuyamba kuitumiza kwa anzake a kusukulu mmodzimmodzi.

"Amayi," anatero mtsikanayo osadzutsa mutu, "funso lija munandifunsa lija. Ine ndikuti ayi."

M'mawa mwake mtsikana wa kukampani uja anaimba foni akuseka. "Mayi, tumizani ena. Zithunzi musasinthe."

Lero Mayi Chipsera ali ndi kachipinda kake kokonzera makina, ndipo tebulo lodyera linabwerera ku ntchito yake. Wamawotchi nayenso anayamba kujambula mikwingwirima ya pa magalasi, ngakhale amati anaganiza yekha.

Ine mayi ameneyu ndimamuvulira chipewa. Akanatha kusintha dzina n'kuyambira kwina ngati palibe chinachitika, koma anakwera basi kupita kwa munthu amene anamunyoza. Inu amene mbiri yanu inagwera m'matope, kaya mwa kulakwa kwanu kaya kwa wina, musabisale. Dzukani, konzani chimene mungathe kukonza, ndipo chipsera chanu musachipake penti. Osataya mtima: dzina limatsukika.