Mafuta a Nkhumba Amene Ababa Analetsedwa

Ababa anga ankakonda nkhumba, osati zamasewera. Mnofu analibe nawo ntchito. Ankafuna pamimba paja, pamene mafuta amayera mbee, chikopa chili pamwamba. Tsiku la msika ku Nsaru ankaima pa chiwaya mpaka ndevu kuchita kunyezimira. Ndiye amayi atamwalira, chaka chisanathe, ababa anayamba kutupa mapazi, mutu osaleka kupweteka. Kuchipatala anati ndi BP, nawaletsa mchere wambiri ndi nyama yonona. Ine ndinali pomwepo. Ababa anangoti, "Chabwino adokotala," nkhope ili ngati awalanda munda.

Pakhomo anatsala awiri, iwo ndi galu wa amayi. Anali galu wamba wa kumudzi, wofiirira, khutu limodzi logwa, ndipo anali atakalamba kale. Amayi ali moyo ankawatsata kudimba. Atapita, anayamba kutsata ababa, ndipo kunena zoona ndiye amene ankawadzutsa. Akanapanda iye kumakanda chitseko m'mawa, ababa bwenzi akugona mpaka dzuwa paliwombo, osafuna kuona munthu.

Ine ndimakhala ku Mpingu, ndimagulitsa kaunjika. Tsiku lina mkazi wa achimwene anga, amene nyumba yake ili pafupi ndi ya ababa, anandiimbira foni.

"Mlamu, ababa ayambiranso. Sabata iliyonse akumabwera ndi kajumbo ka nkhumba pa njinga."

Kwathu aliyense amadziwa kuti ine ndine wa mtima wapachala. Tsiku la msika ndinatseka belo langa, n'kunyamuka. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, mpeni uli m'manja, akuduladula mafuta aawisi.

"Ababa! Kodi mukufuna kutisiya amasiye kawiri?"

"Khalani pansi mayi," anatero, osadzidzimuka n'komwe. "Muone kaye amene akudya."

Anaponya nthuli m'mwamba, galu n'kuiwakha isanafike pansi.

"Idyani achimwene, mundidyereko," ababa anamuuza galuyo. "Yanona imeneyo, eti?"

Galu akameza, nawonso ankameza malovu, maso ali gwa pakamwa pa mnzawo. Ine sindinakhulupirire. Ndinalowa m'khitchini, kununkhiza mapoto onse mmodzimmodzi ngati wapolisi, koma fungo linali la nyemba ndi nkhwani basi.

"Adokotala analetsa kudya," anatero ababa nditatuluka. "Kugula sanaletse."

Ndinaseka mpaka misozi. Mtima unakhala pansi, ndipo ndinabwerera ku Mpingu ndikunena kuti asiyeni akuluakulu awiriwa azisangalala.

Zinasokonekera fodya atagulitsidwa. Ababa atapeza kangachepe, anati mnzawo naye adyerere. Anabwera ndi chinthuli cha mafuta okhaokha chodzaza beseni laling'ono, ndipo galu, poti alibe mawu oti zikomo ndakhuta, anachimaliza chonse tsiku lomwelo. Foni ya mlamu inabweranso.

"Galu wadwala. Ndipo ababa akukana kudya."

Nditafika, galu ndinamupeza atagona pansi pa chigafa, msana utapindika. Anali atasanza mpaka kutha, kutsegula m'mimba nakonso osaleka. Ukamukhudza pamimba ankalira pang'onopang'ono ngati kamwana. Ababa anali atakhala pa njerwa pambali pake, akumuingitsira ntchentche ndi chipewa. Tiyi ndi mbatata zimene mlamu anawabweretsera zinali poteropo, nyerere zikuchita phwando.

"Ndamupha ndine," anatero osandiyang'ana. "Ndimati ndikumukonda."

Achimwene anga, amene nthawi zina pakamwa pamawatsogolera, anati, "Aa, ababa, galu ndi galu. Tikupezerani kamwana kena."

Ndinawakokera kuseri kwa nyumba. "Achimwene, maso muli nawo koma? Galuyu akafa tikumba manda awiri. Kwerani njinga mukatenge alangizi a ziweto, zolankhula mukalankhulire m'njira."

Alangiziwo anabwera pa njinga yamoto chakumasana. Anamutsina galu chikopa cha pakhosi, kumuyang'ana m'kamwa, n'kumubaya jakisoni. Anati mafuta ochuluka chonchi nthawi imodzi amatentha m'mimba mwa galu, makamaka wokalamba, ndiponso nkhumba yaiwisi imatha kubwera ndi nyongolotsi. Anati tizimupatsa madzi pang'onopang'ono, kusanza kukaleka tiyese phala lamadzimadzi.

"Akachira, agogo, muzimuwiritsira nyamayo mpaka ipse. Mafuta muzichotsa, kanthuli kazikhala kakang'ono, kopanda mchere. Mafupa ophika musamupatse, amathetheka n'kumubaya."

"Ndiye kuti nayenso mwamuletsa?" anafunsa ababa.

"Eya agogo."

"Koma dziko ili."

Ine chimene ndinagwira pa zonsezo ndi mawu oti akachira. Ndinawatsatira alangiziwo mpaka pa njinga yawo, ndikuti andiuze zoona. Anangopukusa mutu, n'kunena kuti ena amadzuka, ena ayi.

Ku Mpingu sindinabwerere. Kaunjika ndinati adziona yekha. Ababa anatenga supuni ya tiyi, n'kumamuthira galu madzi pambali pa kamwa, dontho ndi dontho, akumulankhula zinthu zimene ine sindinkamva. Kudya anakaniratu. Ndinawanyengerera, ndinagwada, kenako ndinakalipa mpaka nkhuku kubalalika.

"Kodi mapiritsi a BP amamwedwa ndi njala? Mukufuna mugwe pompano?"

"Ndidya naye limodzi," anatero basi.

Ndinachita mantha, ndisaname. Ababa anafooka moti theka la madzi a m'supuni linkathera pansi. Poimirira ankagwira kaye mzati wa chigafa. Munthu amene ankanyamula thumba la chimanga yekha, ndinamuona akuchepa m'malaya ake omwe, chifukwa cha galu wa khutu logwa. Ndinamukwiyira galuyo, ndinakwiyira nkhumba zonse za ku Nsaru, kenako ndinapita kudzala kukalira ndekha kuti ababa asandione.

Kusanza kutaleka, m'mawa wina ndinaphika phala la mgaiwa lamadzimadzi, n'kuthira pang'ono m'mbale yakale kuti lizizire. Ndinaiika pafupi ndi mphuno ya galu. Ananunkhiza, n'kutembenuzira mutu kumbali.

Ababa anaviika chala m'phalamo, n'kumupaka galu pamlomo. Kenako lilime linatuluka. Ababa anaviikanso. Galu ananyambitanso. Anapitiriza choncho, chala ndi chala, mpaka galu anadzutsa mutu yekha, kudzikoka ndi miyendo yakutsogolo, n'kuika pakamwa m'mbale. Mchira unamenya fumbi kamodzi.

Ndinatembenuka kuti ndiseke ndi ababa, koma anali ataphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Ndinawasiya. Patapita nthawi anachotsa chipewacho, napukuta m'maso ndi mkono wa malaya.

"Mayi," anatero, "ndikanakawauza chiyani amayi anu? Anandisiyira ali bwinobwino."

Ndinangokhala pansi pafumbi pomwepo, pambali pawo, tonse tikuyang'ana galu akunyambita mbale.

"Latsalako phalalo?" anafunsa ababa.

"Ndi la galu, ababa. Mulibe shuga, mulibe mchere. Dikirani ndikuphikireni lina."

"Bweretsani lomwelo. Tonse ndife odwala pano."

Ndinawabweretsera mpoto momwemo, ndipo anaupala mpaka pansi.