Moto wa Aneba Ophika Buledi

Aneba anga ophika buledi amapempherera mtendere wa mzinda wathu wa Yerusalemu mokuwa, ngati Mulungu ndi gonthi. Amatchula onse: Ayuda, Asilamu, asilikali, ngakhale wometa tsitsi wa mpingo wina amene amatukwanizana naye m'mawa uliwonse.

Loweruka la Pasaka amakatenga moto woyera ku Manda a Yesu n'kumayatsira khomo ndi khomo. Chaka chino mphepo inawazimitsira nyali asanafike kwawo, kumene akazi awo odwala ankaudikira motowo. Kumbuyo asilikali anali atatseka njira yobwerera ku Mandako.

Wometa uja anatulukira, kandulo ili lawilawi.

"Nawu moto wako, nkhalamba yaphokoso iwe. Si unandiyatsira wekha?"

Aneba anayatsa nyali, akuseka misozi ili mbwe.

"Ambuye, mtendere uyambire pa uyu. Koma pakamwa pakepo mutsekepo!"